Dzimbiri la chasisi pa galimoto zakale

Chasisi ndi zitsulo ziwiri zazitali za pansi pa galimoto, zolumikizidwa ndi zina zopingasa, zimene zimanyamula injini, bodi ndi katundu. Zitsulozi zikadyeka ndi dzimbiri, galimoto itha kuthyoka pakati ili paulendo, ngakhale injini ili bwinobwino.

Dzimbiri limayamba madzi ndi matope zikakhalitsa m'kati mwa zitsulozo, ndipo mchere umalifulumizitsa. M'maiko ozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, n'chifukwa chake vutoli ndi lalikulu kumeneko.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Toyota ku United States. Mu 2008 kampaniyi inavomera kukonza kapena kugulanso galimoto za Tacoma za 1995 mpaka 2000 zimene chasisi yake inaboola. Mu 2009 inaitanitsa Tundra pafupifupi 110,000 za 2000 mpaka 2003, popeza dzimbiri linkatha kugwetsa tayala la sipeya mumsewu.

Eni galimoto ambiri sanakhutire. Kuitanitsako kunakhudza madera ozizira okha ndi galimoto za zaka zowerengeka, ndipo ena anangopoperedwa mankhwala oteteza chitsulo osawasinthira chasisi. Anakasuma kukhoti, ndipo mu 2016 Toyota inavomera mgwirizano wa madola pafupifupi 3.4 biliyoni wokhudza Tacoma, Tundra ndi Sequoia pafupifupi 1.5 miliyoni. Thandizolo linali ndi malire: zaka 12 kuchokera pamene galimoto inagulitsidwa koyamba.

Mgwirizanowu unali wa ku United States, sufika kuno. Galimoto zambiri zonyamula mbatata, chimanga ndi fodya ku Angónia ndi Tsangano zinagulidwa zitagwira kale ntchito kunja, choncho chasisi ikaola amaluza ndi mwini wake. Matope a dzinja ndi feteleza wotayikira m'bodi amaonjezera vutoli, chifukwa feteleza amadya chitsulo ngati mchere.

Wofuna kugula galimoto yakale ayenera kulowa pansi pake ndi tochi ndi kahamala. Chitsulo chabwino chimalira ngwee chikamenyedwa, choola chimayoyoka kapena kuboola. Malo oyang'anitsitsa ndi pamene pamangidwa masipuling'i, pakati pa kabini ndi bodi, ndi pamwamba pa sipeya. Penti wakuda watsopano kapena zigamba zowotcherera nthawi zina zimabisa chilema.

Amene ali nayo kale azitsuka pansi pake akanyamula feteleza ndiponso mvula ikatha, ndi kutsegula timabowo totulutsira madzi. Chasisi ikang'aluka, asakwezenso anthu kapena matumba mpaka makaniko ataiona.