Kulapa: mawu amene amishoni anawapeza pakhomo

Pa msika wa Kamwala ku Lusaka, munthu akagula nsapato zokutha sabata imodzi amalumbira kuti, "Nalapa, sinizabwezapo!" Wansembe kulibe pamenepo, koma mawuwo ndi omwe aja a Loweruka madzulo, Akatolika akandandalika pa benchi ku tchalitchi cha Good Shepherd ku Kabwata kudikira bambo mfumu.

Kulapa ndi mawu akale kuposa tchalitchi. Mwana wokwapulidwa ankalira kuti walapa, kutanthauza kuti waona polekera. Kuulula nakonso kunalipo. Mayi akavutika pobereka, anamkungwi ankamupanikiza kuti atchule amuna amene anayenda nawo, poganiza kuti chinsinsi ndicho chatseka njira ya mwana. Unali mwambo wowawa, ndipo katundu wake ankasenza ndi mkazi.

Amishoni anatola mawu omwewa. A Dutch Reformed anafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. A White Fathers anamanga Kachebere mu 1903. Ajezwiti anakhazikika ku Kasisi, kunja kwa Lusaka, mu 1905. Akatolika anadza ndi lamulo la mu 1215, la msonkhano wa Lateran, loti mkhristu aziulula machimo kwa wansembe kamodzi pachaka, ngakhale kuposa apo. Anadzanso ndi kachipinda kachinsinsi koululiramo machimo, kamene Charles Borromeo anakafalitsa ku Milan m'zaka za m'ma 1500. A Dutch anakana mkhalapakati: tchimo uvomereze kwa Mulungu, ndipo likakhala loonekera, ukayankhe pamaso pa akulu a mpingo.

Apa mpamene mawu amodzi anasenza mitolo iwiri. Mu Buku Lopatulika la 1922, kulapa ndi kutembenuka mtima. Kwa Mkatolika, "ndikukalapa" ndi ulendo wa miyendo: kukagwada, kuulula, kumva chisoni, kulandira chikhululukiro, kenaka kuchita malipiro. Mawu otsirizawa amanunkha bwalo la mfumu, kumene mlandu sutha ndi pakamwa pokha koma ndi nkhuku kapena mbuzi. Ine ndimati omasulira apa anagwira ntchito bwino.

Msonkhano wa Vatican wachiwiri utatha mu 1965, mwambo watsopano wa kulapa wa 1973 unatsindika za kuyanjananso, ndipo ambiri anayamba kukhala maso ndi maso ndi wansembe. M'mipingo ya Pentekoste ya ku Chelstone ndi Kamwala, lero kulapa kumachitika kutsogolo, pa maikolofoni, anthu onse akumva. Chinsinsi cha wansembe chokha sichinasinthe: akaulula zimene wamva, amachotsedwa mu mpingo.