Mbiri ya Mabasi Aulere mu Mzinda wa Hasselt

Pa 1 July 1997, anthu a mu mzinda wa Hasselt ku Belgium anayamba kukwera mabasi a m'tauni osalipira kalikonse. Hasselt ndi likulu la chigawo cha Limburg, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, ndipo nthawi imeneyo munkakhala anthu pafupifupi 70,000. Sunali mzinda woyamba kuyesa zimenezi, koma mbiri yake inawanda ku Ulaya konse chifukwa unalimba nazo mtima kwa zaka 16.

Ganizoli linabwera ndi Steve Stevaert, yemwe anakhala mfumu ya mzindawu mu 1995. Magalimoto anali atachuluka m'misewu, ndipo ena ankafuna kuti pamangidwe msewu wachitatu wozungulira mzinda. Khonsolo inakana. M'malo mwake inachepetsa msewu wozungulira wa m'kati, n'kubzalamo mitengo ndi kulambulamo njira za anthu oyenda pansi ndi apanjinga. Msewuwo unatchedwa Groene Boulevard.

Mabasiwo anali a kampani yotchedwa De Lijn, ya boma la Flanders, dera la Belgium limene muli Hasselt, ndipo khonsolo inkabwezera kampaniyo ndalama zimene ikanatolera pa matikiti. Chimene ambiri amaiwala posimba nkhaniyi n'chakuti tsiku limene mtengo unachotsedwa, mabasi nawo anawonjezedwa, njira zatsopano zinatsegulidwa, ndipo nthawi yodikira pasiteji inachepa. Basi yaulere imene imabwera mwa apo ndi apo sithandiza munthu wothamangira kuntchito. Ku Hasselt zonse ziwiri zinachitikira limodzi, choncho n'kovuta kulekanitsa phindu la ulerewo ndi phindu la kuchuluka kwa mabasi.

Mu 1996 maulendo a pa basi mu mzindawu anali pafupifupi 360,000. Pofika 2006 anali atapitirira 4 miliyoni pa chaka. Okalamba amene ankangobindikira pakhomo anayamba kupita kumsika ndi kukazonda abale awo kuchipatala, ndipo phindu limeneli silochepa ngakhale sililembedwa m'mabuku a chuma a khonsolo. Komabe kafukufuku anaonetsa kuti si onse okwera atsopano amene anasiya galimoto kunyumba. Ambiri anali anthu amene kale ankayenda pansi kapena kupalasa njinga. Pa cholinga chochepetsa magalimoto, zotsatira zake zinali zochepa poyerekeza ndi mmene chiwerengero cha okwera chinakwerera.

Stevaert atakhala nduna m'boma la Flanders, anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo anayamba kukwera ulere mabasi a De Lijn m'dera lonselo kuyambira 2000, mpaka mwayiwo unatha mu 2015.

Ku Hasselt kwenikweniko, chimene chinagwetsa ndondomekoyi ndi kuyenda bwino kwake komwe. Okwera akamachuluka, ndalama zimene khonsolo inkapereka ku De Lijn zinkakweranso, pamene thumba la mzinda silinkakula mofanana. Mu 2013 khonsolo inagamula zothetsa ulerewo, ndipo kuyambira 2014 akuluakulu anayamba kulipira masenti 60 a euro pa ulendo. Ana ndi achinyamata anapitiriza kukwera osalipira.

Malo amene anatengera njirayi pambuyo pake anayamba ndi kufufuza kumene ndalama zidzachokere. Ku Tallinn, likulu la Estonia, anthu anavomereza ganizoli pa voti ya mu 2012, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2013. Ulerewo ndi wa okhawo olembetsa kuti amakhala mu mzindawo. Popeza gawo la msonkho wa pa malipiro limapita ku khonsolo ya kumene munthu analembetsa, anthu masauzande amene anathamangira kukalembetsa anabweretsa ndalama zatsopano m'thumba la mzinda.

Dziko la Luxembourg linachotsa mtengo pa mabasi, masitima apamtunda ndi masitima a m'misewu ya m'tauni kumayambiriro kwa chaka cha 2020, ndipo linakhala loyamba kuchita zimenezi m'dziko lonse. Kumeneko matikiti ankabweretsa ndalama pafupifupi 41 miliyoni za euro pa chaka, zosafika gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zoyendetsera ntchitoyo, motero boma linatha kusenza mtolowo kuchokera ku misonkho. Alendo ndi anthu obwera kudzagwira ntchito kuchokera ku France, Germany ndi Belgium amakweranso ulere akalowa m'malire a dzikolo, ndipo amene amagulabe tikiti ndi ofuna kukhala m'chipinda chapamwamba cha sitima.