Pepala lotsegula manda: mbiri ya kalata ya imfa ku America

Ku America kulibe ofesi ya boma lalikulu yopereka kalata ya imfa ya munthu amene wafera m'dzikomo. Munthu akamwalira ku South Bend, kalata yake imatuluka ku ofesi ya zaumoyo ya kaunti ya St. Joseph, apo ayi ku likulu la chigawo cha Indiana ku Indianapolis. Ku Washington mutha kupitako ndi misozi yanu yonse, mubwerako chimanjamanja. Ife Amalawi okhala kuno zimenezi timazidziwa tsiku lomwe zovuta zatigwera, ndipo timadabwa, poti kwathu nkhani ya boma imathera ku likulu. Kuno imfa imalembedwa kumene munthu watsirizikira, ngakhale kwawo kukhale kwina, ndipo madera amene ali ndi mphamvu yosunga kaundula wotere alipo 57: zigawo 50, District of Columbia, mzinda wa New York umene uli ndi kaundula wakewake, ndi madera asanu a pazilumba monga Puerto Rico ndi Guam. Zinamwazikana chonchi chifukwa ntchitoyi inayambira pansi, m'midzi ndi m'matauni, boma lalikulu n'kubwera pambuyo.

Atsamunda a ku England anafika ndi chizolowezi cha kwawo chakuti m'busa ndiye amalemba ubatizo, ukwati ndi maliro m'buku la mpingo. Mu 1632 aphungu a ku Virginia analamula kuti abusa kapena akuluakulu a mpingo azikapereka mndandanda umenewu kukhoti chaka ndi chaka. A ku Massachusetts Bay anasintha zinthu mu 1639: ntchitoyi anaipereka kwa alembi a boma, ndipo anati kulembedwe kubadwa ndi kufa kwa munthu, kaya anabatizidwa kaya ayi. Chimene chinkawadetsa nkhawa chinali chuma cha masiye. Munda utsala ndi yani, mwana wake weniweni ndi uti? Zoti munthuyo wafa ndi chiyani sizinkawakhudza kwenikweni. Mpaka lero ku Massachusetts kalata ya imfa mutha kukaitenga kwa mlembi wa tauni, monga zinalili zaka mazana apitawo.

Funso lakuti "chikutipha n'chiyani?" linabwera ndi mizinda. Kolera itavuta ku New York mu 1832, anthu anaona kuti sungalimbane ndi mliri usakudziwa kuti wapha angati, ndipo wapha kuti. Munthu amene ine ndimamuvulira chipewa pankhaniyi sanali dokotala. Lemuel Shattuck anali mphunzitsi, kenako wogulitsa mabuku ku Boston. Polemba mbiri ya tauni ya Concord, imene inatuluka mu 1835, anapeza kuti mabuku a kubadwa ndi imfa ali ndi mipata yambiri. Dziko la England litayamba kaundula wa boma wa kubadwa ndi imfa mu 1837, iye anakakamira kuti kwawo achitenso chimodzimodzi, ndipo mu 1842 Massachusetts inakhazikitsa lamulo lakuti alembi a matauni azitumiza zimene alemba ku likulu la chigawo. Kuyambira pamenepo pepala la imfa linakhala ndi mabwana awiri: banja lofedwa, ndi anthu owerengera matenda.

Boma lalikulu linayesa njira yachidule. Pa kalembera wa 1850, ndi ena otsatira mpaka 1900, wolemba ankafika pakhomo n'kufunsa kuti m'nyumba muno mwafa ndani m'miyezi 12 yapitayi. Taganizani mmene zinkakhalira. Mayi wataya khanda la masiku atatu miyezi khumi yapitayo, ndipo safuna kuzikumbutsidwa ndi mlendo wonyamula cholembera. Bambo wafa, banja lake lamwazika, ana atengedwa ndi achibale, nyumba mwalowa ena. Nkhalamba imene inkakhala yokha yafa, palibe woyankha pakhomo. Imfa zambirimbiri zinkatayika choncho, ndipo akatswiri a kalembera eni akewo ankadziwa kuti ziwerengero zawo n'zoperewera.

Vuto linali lakuti malamulo aakulu a dzikolo sapatsa boma la ku Washington mphamvu yolamula zigawo kulemba imfa. Choncho linagwiritsa ntchito manyazi. Mu 1880 ofesi ya kalembera inatchula madera amene zolemba zawo zinali zodalirika: Massachusetts, New Jersey, District of Columbia ndi mizinda ingapo. Pofika 1900 zigawo zinali khumi, ndipo chaka chomwecho kunatuluka fomu yachitsanzo yoyamba. Chigawo chofuna kulowa m'gululi chinkayenera kuonetsa kuti pa imfa 100 zilizonse chikulemba zosachepera 90. Dr. Cressy Wilbur wa ku Michigan, amene anayang'anira ntchitoyi ku ofesi ya kalembera kuyambira 1906, ndi mmodzi mwa amene analimbikira lamulo lachitsanzo la 1907 loti zigawo zizikopera.

Nzeru yeniyeni ya lamuloli inali pa manda. Linati thupi lisaikidwe kapena kusamutsidwa popanda chilolezo cha mlembi wa m'deralo, ndipo chilolezocho chisatuluke kalata ya imfa isanadzazidwe. Udindo unachoka kwa anamfedwa, amene mutu sukugwira, n'kupita kwa wokonza maliro, amene sangagwire ntchito yake, kapena kulandira ndalama zake, popanda pepalalo. Zimene ulaliki wa madokotala unalephera kwa zaka zambiri, chilolezo cha kumanda chinazitheketsa. Komabe zinatenga nthawi. Mliri wa fuluwenza wa 1918 unapeza zigawo zambiri zisanalowe m'gululi, n'chifukwa chake chiwerengero chotchuka cha anthu 675,000 amene anafa nawo ku America n'chongoyerekeza. Texas inalowa pomalizira mu 1933.

Mbiri imeneyi ndiyo imauza munthu khomo loti agogode akafuna kalata yakale. Ku Indiana makaunti anayamba kulemba imfa mu 1882, koma likulu la chigawo lili ndi zoyambira 1900. Ku Ohio makhoti a makaunti oona za chuma cha masiye ankalemba kuyambira 1867, chigawo n'kutenga ntchitoyi kumapeto kwa 1908. Georgia inayamba mu 1919. Ku Chicago moto wa 1871 unapsereza zolemba za kaunti ya Cook. Anthu amataya ndalama kulembera ku likulu kufuna pepala lomwe lili m'kabati ya kaunti, kapena lomwe silinalembedweko n'komwe.

Fomu ya masiku ano ndinaiyang'anitsitsa pothandiza nawo maliro a anzathu kuno, ndipo mabwana awiri aja amaoneka pa tsamba lomwelo. Mbali ina amadzaza a kampani yokonza maliro pofunsa wachibale mmodzi: dzina lonse, tsiku ndi malo obadwira, mayina a makolo, dzina la mayi asanakwatiwe, ntchito imene malemu ankagwira, sukulu analekezera pati. Mbali inayo ndi ya dokotala, ndipo ili ndi mizere yotsetsereka. Pamwamba amalemba chimene chatsiriza munthuyo, mwachitsanzo chibayo. Pansi pake chimene chinabweretsa chibayocho, mwina sitiroko imene inamugoneka. Pansi penipeni pamakhala muzu wa zonse, monga matenda othamanga magazi. Mzere wapansiwo ndiwo umawerengedwa m'ziwerengero za dziko ku National Center for Health Statistics, ofesi imene inakhazikitsidwa mu 1960 ndipo ili pansi pa CDC, bungwe la boma loona za matenda. Dokotala wotopa akangolemba kuti mtima unaima, banja lilandira pepala lake, koma dziko silinaphunzirepo kanthu, pakuti palibe amafa mtima ukugunda.

Imfa yadzidzidzi, ya ngozi kapena yokayikitsa imapita kwa coroner, udindo wakale wochokera ku England. Ku Indiana ameneyu amasankhidwa pa chisankho ngati wandale aliyense, ndipo lamulo silimufunsa kukhala dokotala. Massachusetts inathetsa dongosolo limeneli mu 1877 n'kuika madokotala ofufuza za imfa, ndipo mzinda wa New York unatsatira mu 1918 ndi Dr. Charles Norris. Madera ambiri akadali ndi dongosolo lakalelo. Kafukufuku akachedwa, kalata imatuluka yolembedwa kuti choyambitsa imfa chikufufuzidwabe, ndipo a inshuwalansi ena amagwira ndalama mpaka itakonzedwa.

Ngakhale kabokosi kamodzi pa fomuyi kamagwedeza dziko. Mu 2003 anaonjezera funso lakuti kodi mayi womwalirayo anali woyembekezera. Zigawo zinalandira fomu yatsopanoyo chilichonse pa nthawi yake, ziwerengero za amayi ofa pa uchembere zinasokonekera, ndipo boma linakhala zaka pafupifupi khumi osalengeza chiwerengero cha dziko lonse.

Woyenera kulandira kalatayi ndani? Apanso chigawo chilichonse chili ndi zake. Ku Texas imakhala ya achibale ndi ena ovomerezeka okha kwa zaka 25. Ku California, kuyambira 2003, aliyense atha kugula kope yongodziwitsa, koma yogwira ntchito kubanki ndi kukhoti imaperekedwa kwa anthu owerengeka. Banki, inshuwalansi, a penshoni ndi khoti nthawi zambiri amafuna kope yachidindo aliyense yakeyake, fotokope saiwerengera. Kuti pepalalo likagwire ntchito kumudzi, lifunika chidindo cha apostille chochokera ku chigawo chomwe lalembedwa, pansi pa pangano la ku The Hague la 1961, lomwe Malawi ndi America onse alimo.

Tisawaseke eni dziko kuti anachedwa. Kwathu lamulo la atsamunda la 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye okha kulembetsa, ndipo lamulo lokhudza Mmalawi aliyense linayamba kugwira ntchito mu 2015. A ku America zinawatengera zaka 91 kuchoka pa lamulo la Shattuck kufika pa Texas.

Kwa inu abale amene muli kuno, pempho langa ndi laling'ono. Amene akakhale pansi ndi okonza maliro akhale munthu wodziwa mayina, atenge pasipoti ya malemu, ndipo awerenge chilembo ndi chilembo asanavomereze. Mlembi wa kuno sadziwa kusiyana kwa Mwale ndi Mwali, ndipo kukonza dzina lolakwika pambuyo pake kumafuna malumbiro, ndalama, nthawi zina ngakhale khoti. Funsaninso makope achidindo okwanira tsiku lomwelo, thupi lisanakwere ndege.