Bambo wa m'envulopu

Ambirife timangoti "tikumane pa Wenela" osadziwa kuti depoti ya mabasi ya ku Blantyre ija inatenga dzina la bungwe lolemba anthu ntchito m'migodi ya ku Joni, Witwatersrand Native Labour Association. Azibambo ankakwera ndege pa Chileka mpaka Francistown, kenako sitima yapamtunda mpaka Johannesburg. Akapita, zinkatha pafupifupi zaka ziwiri. Mwana amene anamusiya akukwawa ankamupeza akuthamanga, n'kumabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake poona mlendo wa sutikesi.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti anthuwa ankayesabe kulera ana kudzera m'makalata. Ambiri sukulu sanapite nayo patali, ndiye ankalembetsa kwa mnzawo m'komponi. Kalata ikafika kumudzi, ankawerenga ndi aphunzitsi kapena mwana wa sukulu, mokweza, pakhonde, apongozi ali pomwepo. Chinsinsi panalibe. Mawu oti mwana asasiye sukulu, mbuzi musagulitse, ankadutsa mwa anthu awiri asanafike kwa eni ake. Mwinanso wowerengayo anali mwana yemweyo amene akudzudzulidwa m'kalatamo. Inuyo simukanadumphako mzere?

Ena amati m'madera a chikamwini kusowa kwa bambo sikunali nkhani, poti mwini mbumba ndi malume. Ine ndimakana. Malumewo nawonso anali ku Joni kapena ku Salisbury, ndipo mawu oti "matchona" sakanabadwa pakanapanda anthu owadikira. Munthu ankatchona pang'onopang'ono: kalata pamwezi, kalata pachaka, kenako zii.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu, ndipo azibambo masauzande ambiri anabwerera kudzakhala ndi ana amene ankangowadziwira pa pepala. Mu 1977 maulendo anayambiranso pansi pa dzina la TEBA, ngakhale opita anachepa, mpaka anatha mu 1988 pa mkangano wa zoyeza HIV.

Anthu sanaleke kupita ku Joni, kungoti pano ndi pa basi, popanda bungwe lowalemba. Kalata inasanduka voice note ya pa WhatsApp, yosafuna mlembi kapena wowerenga. Komabe foni ikakhala imodzi panyumba, mayi amaika pa sipika, ana n'kuizungulira, agogo ali pamkeka kufunsa kuti abwerezenso poti sanamve bwino.