Njanji Yothera pa Chipata

Ine ndinabadwira m'dziko la Mfumu Mpezeni, ndipo ndinakula kufikira kumera ndevu ndisanaone sitima ya pamtunda ndi maso anga. Tinali kungoimva kwa amalume obwera ku migodi ya ku Kitwe ndi ku Wankie. Cimeneci cinali kundidabwitsa, pakuti dzina la mudzi wathu litanthauza cipata, ndiye kuti polowera ndi poturukira anthu pakati pa mapiri. Nanga cipata cotani cimene njanji inacilambalala zaka zoposa 100?

Azungu atagonjetsa Angoni m'caka ca 1898, anamanga Fort Jameson, ndipo kuyambira 1899 mudziwu unali likulu la North-Eastern Rhodesia. Koma njanji yocokera kumwera inatsata miyala ya mtengo wapatali, siinatsate Boma ai. Inaoloka Zambezi pa Victoria Falls mu 1905, nifika ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, mu 1906. Maiko awiri a Rhodesia wa kumpoto ataphatikizidwa mu 1911, likulu linakhala ku Livingstone, pa njanji pomwepo, ndipo ife tinatsala kuseri kwa Luangwa, mamailosi oposa 300 kucokera ku Lusaka.

Cotero kuyambira kale katundu wathu anali kuyang'ana kum'mawa. Agogo anga anandiuza kuti fodya wa m'minda ya Azungu anali kupita ku Nyasaland, poyamba pamitu pa amtengatenga ndi pa ngolo za ng'ombe, pambuyo pace pa malole, kukapeza njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908 ndi ku Salima mu 1935. Iwo anasenzako katunduyo, ndipo pokamba nkhaniyi anali kugwira pakhosi pao, osaseka.

A ku Malawi anakankha njanji yao pang'onopang'ono kudza kuno. Mu 1970 anatsegula njira yocokera pa Nkaya kunka ku doko la Nacala m'dziko la Mozambique, ndipo Nkaya inasanduka mphambano yeniyeni. Ndi cithandizo ca dziko la Canada njanji inacoka ku Salima nifika ku Lilongwe mu 1979, nipitirira ku Mchinji, kumene akulu anali kucha Fort Manning. Pamenepo panatsala mamailosi monga 20 okha. Maboma awiriwa anayamba nchito yolumikiza mu 1982. A ku Malawi anatsiriza mbali yao kufika pa malire, koma kuno ndarama zinasowa, pakuti mtengo wa mkuwa unali utagwa. Nchito inaima. Ana amene anabadwa caka cimeneco anakwatira, nabala ana ao, sitima isanalire pa Chipata.

Inadzalira m'mwezi wa August 2010, pamene Pulezidenti Rupiah Banda anatsegula njanjiyo. Ine ndinapita kukaona, ndipo sindibisa, ndinakondwa ngati mwana. Koma cimwemwe cathu cinafulumira, cifukwa panalibe malo okwanira okwezera ndi kutsitsira katundu wolemera, ndipo panapita zaka zina 4 sitima za katundu zisanayambe kuyenda mu 2014.

Tsono, awerengi anzanga, taonani pamene pagona nkhani. Munthu akaimirira pa siteshoni ya Chipata nayang'ana kum'mawa, zitsulo zimene aponda zipita ku Mchinji, Lilongwe, Salima, Nkaya, mpaka ku nyanja ya mcere ku Nacala. Akatembenuka kuyang'ana kumadzulo, zitsulozo zithera pomwepo. Ngolo ya sitima ikhoza kucoka ku Chipata kunka ku Mozambique, koma siingafike ku Lusaka, likulu la dziko lace lomwe, ngakhale kuti njanji za Malawi, za Zambia ndi ya TAZARA nzofanana m'mimba mwace, ndipo ngolo imodzi ikadayenda pa zonsezi.

Ndico cifukwa cace anthu akamba za njanji yocoka ku Chipata, kudzera ku Petauke, kukakomana ndi TAZARA ku Serenje, mtunda wa mamailosi monga 240. Mu 2016 Boma linapangana ndi kampani ya ku China kuti iimange, koma siinamangidwe. Ikadamangidwa, mkuwa wa ku migodi ukadadzera kwathu kunka ku Nacala, ndipo ngolo pobwerera zikadadza ndi feteleza. Sitima imafuna katundu wocuruka popita ndi pobwera. Nshawa, thonje ndi cimanga cathu pazokha sizingaidyetse caka conse.

Ena amati njanjiyi inamangidwa cabe. Ine sinditero. Mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi pogula thumba la feteleza amalipiranso mafuta a lole imene inalinyamula, ngakhale iye saiona, ndipo ku Nacala nkufupi ndi ife kuposa ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Cimene ndidandaula nco cakuti tinamanga mwendo umodzi wa mphambano, ndi kuleka winawo pa mapepala. Mdzukulu wanga anandifunsa tsiku lina pa siteshoni paja kuti, "Agogo, nanga ya ku Lusaka ikwerera pati?" Ndinamloza ku mseu wa Great East, kumene mabasi aimirira.