Mbiri

Mbiri ndi nkhani ya zakale, monga ya John Chilembwe ndi kuukira kwake kwa 1915. Mbirinso ndi kutchuka: woyimba akamveka pa MBC ndi m'maminibasi a ku Ndirande, timati mbiri yake yafala. Koma liwu lomweli limatanthauzanso mphekesera, ndipo apa mpomwe pamawawa. "Wamva mbiri ya uje?" Wofunsa chotero alibe nazo ntchito nyimbo, akufuna adziwe yemwe woyimbayo akuyenda naye. N'chifukwa chake sindidabwa katswiri akayimba mofatsa, gitala akulira chapansipansi, kupempha chikondi chosafika pa Facebook. Wokondedwa wakeyo sanapemphe kutchuka, koma mbiri ikaipa, ndiye amalozedwa chala pamsika wa Chilomoni.