Kodi kuwonjezera RAM kumathamangitsadi kompyuta?

Laputopu ikayamba kukwawa, malangizo oyamba amene ophunzirafe timapatsana ndi akuti kawonjezere RAM. Koma ndalama yogulira RAM ndi yomweyo ya lendi, ndiwo ndi bandulo, choncho munthu ayenera kudziwa ngati iphuladi kanthu. Ena amati Windows ya masiku ano ndi yanzeru moti RAM yambiri n'kungotaya ndalama, ena amati ukawonjezera liwiro limakwera basi. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zagwira theka la choonadi, ndipo mbiri ya makompyuta ikusonyeza chifukwa chake.

Tiyambire mu 1962, ku University of Manchester ku England, kumene gulu la Tom Kilburn linamaliza kupanga kompyuta yotchedwa Atlas. Nthawi imeneyo memori yothamanga inali yodula kwambiri, ndiye akatswiriwa anakonza zoti izisunga zokhazo zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, zotsalazo zizidikira m'chosungira chachikulu koma chochedwa. Njira imeneyi, yotchedwa virtual memory, ndiyo imene Windows, macOS ndi Linux zikugwiritsabe ntchito lero. RAM ili ngati lichero, disiki ili ngati nkhokwe. Chimanga chimene mukufuna chikakwana m'lichero, ntchito imayenda. Chikapanda kukwana, mumathera nthawi pa maulendo a kunkhokwe.

Mu 1968 Peter Denning wa ku America anafotokoza vutoli bwino lomwe. Anasonyeza kuti pulogalamu iliyonse ili ndi mulingo wa zinthu zimene imazifuna pafupipafupi, ndipo zinthuzi zikapanda kukwana mu memori, kompyuta imatanganidwa ndi kutuluza ndi kulowetsa m'malo mogwira ntchito. Mfundo yake ndi yakuti pali mzere. Pansi pa mzerewo, memori yowonjezera imasintha zinthu kwambiri. Pamwamba pake, phindu limachepa msanga.

Chimene chakhala chikusuntha kuchokera apo ndi malo a mzerewo. IBM PC ya 1981 inkalola mapulogalamu a DOS kufika pa 640 KB basi. Windows 95 inkafuna 4 MB kuti iyake. Windows XP ya 2001 inkafuna 64 MB, ngakhale Microsoft inkalimbikitsa 128 MB. Windows 11 ya 2021 imafuna 4 GB, kutanthauza kuchulukitsa ka 1,000 zimene Windows 95 inkafuna.

Koma si nthawi zonse pamene memori yambiri inkathandiza. Windows 98 inkatha kusokonezeka ukaipatsa RAM yoposa 512 MB, mpaka kumadandaula kuti memori yatha pomwe ili yambiri. Windows ya 32-bit inali ndi denga la 4 GB, ndipo ambiri amene anagula 4 GB anadabwa kuona kompyuta ikuwerenga 3 GB ndi pang'ono, chifukwa gawo lina la malowo linali la zida zina za m'kompyutamo. Dengali linayamba kusweka pa makompyuta a anthu wamba mu 2003, AMD itatulutsa mapurosesa a 64-bit, ndipo Windows 11 ilibe n'komwe mtundu wa 32-bit. Apa ndiye pali kusiyana kwenikweni pakati pa kale ndi lero: RAM imene mwaika, Windows ya masiku ano imatha kuigwiritsa ntchito yonse.

Chaka chimene chimandiphunzitsa kwambiri ndi 2007, pamene Windows Vista inafika m'masitolo. Makompyuta ambiri a 512 MB anagulitsidwa ndi chizindikiro cha Vista Capable, koma ogula atafika nawo kunyumba anapeza chikomekome cha mkuyu, ndipo nkhaniyo inakafika kukhoti ku America. Anthuwa anali pansi pa mzere wa Denning. Vista yomweyo inabweretsa SuperFetch, njira yolowetseratu mu RAM mapulogalamu amene munthu amawatsegula kawirikawiri. Ambiri ataona RAM yadzaza anaganiza kuti Windows ikuiwononga, pomwe iyo inkangogwiritsa ntchito malo amene akanakhala chabe. Kenako Apple mu 2013 ndi Microsoft mu 2015 anawonjezera njira yopanikiza zinthu mu RAM kuti zitenge malo ochepa zisanatumizidwe ku disiki. Njirayi imachedwetsa ulendo wa kunkhokwe, koma siikulitsa lichero.

Ndiye wophunzira wa lero atengepo chiyani? Choyamba, mulingo umene Microsoft imalemba ndi wongoyatsira kompyuta. Pa 4 GB, Windows 11 ndi Chrome ya matabu ambiri, Word ndi Zoom zili kale pansi pa mzere, ndipo kufika pa 8 GB mudzakumva m'zala. Kuchoka pa 8 GB kupita pa 16 GB kumathandiza amene amakonza mavidiyo, kujambula mapulani kapena kusanthula deta yaikulu. Amene amangolemba asainimenti ndi kuwerenga ma PDF saona kusintha kwenikweni akachoka pa 16 GB kupita pa 32 GB.

Chachiwiri, musagule musanayeze. Tsegulani zonse zimene mumagwiritsa ntchito tsiku lotanganidwa, kenako muone pa Task Manager. Ngati memori yotsala yatsala pang'ono kutha ndipo disiki ikugwira ntchito mosapuma, RAM ndiyo mankhwala. Ngati memori yotsala ndi yambiri koma laputopu ikuchedwabe, vuto lili kwina, ndipo kawirikawiri pa malaputopu a kaunjika limakhala hard disk yakale yozungulira. Pamenepo SSD ndiyo imabweza ndalama yanu.

Chachitatu, malaputopu ambiri atsopano amabwera ndi RAM yowotchereratu, yosatheka kuwonjezera. Mzere ukupitirirabe kukwera: mu 2024 Apple inasiya kugulitsa ma Mac atsopano a 8 GB n'kuyambira pa 16 GB. Choncho funso loyenera kufunsa wogulitsa musanapereke ndalama ndi lakuti, kodi m'katimo muli malo oikapo RAM ina? Laputopu ya 8 GB imene ingawonjezeredwe ikhoza kukufikitsani pa digiri, pomwe inzake yotsekeka ikhoza kukusiyani m'chaka chachitatu.